Mankhwala a njoka zam'mimba akugwiradi ntchito m'khola mwanu? Yankho lili m'ndowe

Thole limene linanditsegula maso linali lofiira, la miyezi 7, lija lokonda kutsalira m'mbuyo ng'ombe zikamabwera kubusa. M'mawa wina ndinaligwira kunsi kwa chibwano n'kupeza potupa, pofewa ngati kathumba ka madzi. Ndikadinikiza ndi chala pamatsala kadzenje. Nditapinda chikope chapansi ndinapeza mkati muli mbuu, magazi mulibe. Ubweya unali utaima, nthiti zikuwerengeka, kumchira kutamatirira ndowe zouma. Chimene chinandiwawa mtima n'chakuti panali patangotha masabata anayi chilibayireni ivermectin, mankhwala amene ndinawadalira zaka zambiri osasinthako. Ndinkaona ngati nkhani ya njoka zam'mimba ndinathana nayo kalekale.

Dokotala wa ziweto atabwera sanafune n'komwe kuona botolo. Anandifunsa mafunso awiri: tholeli limalemera makilogalamu angati, nanga ndinayezetsapo ndowe chiyambire kugwiritsa ntchito mankhwalawa? Onse awiri ndinalibe yankho. Zimene ndikulembazi ndi zimene ndakhala ndikuchita kuyambira tsiku limenelo.

Choyamba, njoka zam'mimba si mtundu umodzi, ndipo apa m'pamene ambiri timasocherera. Ng'ombe ili ndi zifu zinayi. M'chifu chomaliza, chija chakudya chimadutsamo chisanalowe m'matumbo, mumakhala Haemonchus, Ostertagia ndi Trichostrongylus axei. Mukadzakhalapo posenda ng'ombe, pemphani ang'ambe chifu chimenechi, achitsuke pang'ono, muyang'anitsitse m'makwinya mwake. Haemonchus imaoneka ndi maso, n'katali masentimita 2 kapena 3, kowonda ngati ulusi, ndipo yaikazi imakhala yopotana mofiira ndi moyera ngati chingwe cha mitundu iwiri. Kufiirako ndi magazi a ng'ombe yanu. Imodzi imayamwa pang'ono chabe, koma zikakhala masauzande thole limatha magazi, n'chifukwa chake zikope zimayera ndipo madzi amadzadza kunsi kwa chibwano. Imakonda kotentha ndi konyowa, ndipo yaikazi imodzi imaikira mazira masauzande pa tsiku. Ostertagia ndi yaing'ono kuposa pamenepo, yofiirira, imavuta kwambiri kumadera ozizira, ndipo ili ndi chinyengo chake: ana ake amatha kubisala m'khoma la chifu kwa miyezi osakula, n'kudzatuluka onse nthawi imodzi. M'matumbo aang'ono mumakhala Cooperia, dzina loti mulisunge chifukwa tilipezanso kutsogoloku.

Moyo wa zonsezi ndi wofanana. Mazira amatuluka ndi ndowe, amaswa pompo, ndipo kukakhala kofunda ndi chinyezi pakangotha pafupifupi sabata imodzi timphutsi timakhala takhwima. Mvula ikaphwanya ndowe timafalikira, n'kukwera m'munsi mwa udzu, makamaka m'mawa kuli mame. Ng'ombe ikadya udzuwo, pakatha masabata atatu njokazo zimakhala zakula, zayamba kuikira mazira awo. Ndiye kuti njoka zambiri sizili m'mimba mwa ng'ombe zanu, zili pamsipu kudikira. Mankhwala amangopha zimene zili m'thupi.

Palinso nyongolotsi zosalala zokhala m'chiwindi, za mtundu wa Fasciola, zimene zimadzera mwa nkhono zam'madzi. Ng'ombe zodya m'madambo ndi m'mphepete mwa madzi osayenda ndizo zimagwidwa. Nazonso zimatupitsa chibwano ndi kuyeretsa zikope, moti ndi maso simungasiyanitse. Ivermectin payekha sazipha ngakhale pang'ono. Mungabaye kangati, ngati vuto lili m'chiwindi mwangotaya mankhwala. Zimafuna triclabendazole, amene amapha ndi zazing'ono zomwe, kapena oxyclozanide ndi clorsulon amene amapha zazikulu.

Tsopano mankhwalawo. Mayina a pamabotolo ndi ambirimbiri, koma magulu akuluakulu ndi atatu okha. Musamawerenge dzina lalikulu lokongola lija, fufuzani timalemba ting'onoting'ono tosonyeza chimene chili mkati. Gulu loyamba ndi la mankhwala oyera ngati mkaka, omwetsa: albendazole, fenbendazole, oxfendazole. Kholo lawo ndi thiabendazole, amene anatuluka mu 1961. Lachiwiri ndi levamisole. Lachitatu ndi la ivermectin, amene anafika pamsika mu 1981, pamodzi ndi abale ake doramectin, eprinomectin ndi moxidectin. Ivermectin anachokera ku tizilombo tam'dothi timene Satoshi Ōmura anatipeza ku Japan, ndipo iye ndi William Campbell analandira mphoto ya Nobel mu 2015 chifukwa cha ntchitoyi. Ndi mankhwala abwino zedi, n'chifukwa chake zimandikhudza kuona momwe tikuwathera mphamvu.

Kudziwa magulu kuli ndi phindu ili: njoka ikapima mankhwala amodzi m'gulu, nthawi zambiri yapima ndi abale ake omwe. Munthu amasiya albendazole n'kugula fenbendazole, mumtima n'kumati wasintha. Sanasinthe kanthu. Ine ndinasinthapo mabotolo atatu a mayina osiyana, onse mkati muli ivermectin.

Mukasankha mankhwala, chachikulu ndi kulemera kwa ng'ombe. Pamenepa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene ndinalakwitsa zaka zonse zija. Maso amanama. Ng'ombe imene umaiona tsiku ndi tsiku umaiyesa yopepuka, komanso mtima wofuna kuti botolo likwanire khola lonse umakokera mlingo pansi. Mlingo wochepa umapha njoka zofooka n'kusiya zolimba, ndipo zolimbazo ndizo zimaswana.

Ngati sikelo palibe, tepi yoyezera imakwana. Imikani ng'ombe pamalo osalala, miyendo yonse itaponda bwino, mutu uli mowongoka. Zungulizani tepi pachifuwa, kuseri kwenikweni kwa miyendo yakutsogolo, ndipo ngati ili ndi linunda tepi idutse kumbuyo kwake. Kokani kuti igwire thupi koma isalowe m'mnofu. Pali matepi olembedwa kale makilogalamu, amenewo mumangowerenga. Ngati muli ndi tepi wamba, yezaninso utali kuchokera pansonga ya phewa kufika pa fupa losongoka la m'mbali mwa mchira. Chulukitsani muyezo wa chifuwa ndi iwo womwe, kenako ndi utali, n'kugawa ndi 10,840. Chifuwa cha masentimita 150 ndi utali wa 120 zimapereka pafupifupi makilogalamu 250. Sizifika ndendende ngati sikelo, koma zimaposa kutali kuyerekeza ndi maso. Mukamapereka kwa gulu la mathole ofanana msinkhu, tengani mlingo wa lolemera kwambiri, osati wa lapakatikati. Akasiyana kwambiri agaweni magulu awiri.

Ng'ombe ya makilogalamu 250 ija tiyipatse mankhwala. Ivermectin wobaya wa 1% mlingo wake ndi mililita imodzi pa makilogalamu 50, ndiye ikufunika mamililita 5, pansi pa chikopa, osati m'mnofu. Albendazole pa njoka zam'mimba amaperekedwa mamiligalamu 7.5 pa kilogalamu. Akakhala wa 10% ndi mamililita pafupifupi 19. Koma akakhala wa 2.5% ndi mamililita 75, kuwirikiza kanayi, dzina lili lomwelo, mtundu uli woyera womwewo. Ndinaonapo mnzanga akumwetsa wa 2.5% pa mlingo wa 10% chifukwa anazolowera botolo lakale. Safunsa anadya phula: werengani pepala la botolo limene lili m'manja mwanulo nthawi iliyonse, chifukwa ndilo lili ndi mawu omaliza.

Levamisole yekha musamuonjezere dala. Malire ake ndi apafupi. Mukapyola mudzaona ng'ombe ikuchucha dovu, ikunjenjemera, ikusowa mtendere. Komanso sapha bwino ana a Ostertagia obisala aja.

Chomwetsera nachonso chimanama chikakalamba. Chitchereni pa mamililita 10, mupope kasanu m'kapu yokhala ndi mizere, muone ngati afika 50. Changa china ndinachipeza chikutulutsa mpweya pakati, mphira wake atatha. Mankhwala oyera aja akhutchumuleni kwambiri musanathire, chifukwa mphamvu yake imadikha pansi, ndipo osakhutchumula ng'ombe zoyamba zimamwa madzi okhaokha, zomaliza n'kumwa phala. Pomwetsa, lowetsani kukamwa cha m'mbali pamene palibe mano, mpaka pamwamba pa lilime chakumbuyo, mutu uli mowongoka osati chagada, ndipo muthire pang'onopang'ono. Ikalavula musadzinamize kuti yameza. Mankhwala othira pamsana amafuna chikopa chouma, chopanda matope ndi ndowe, ndipo mvula isagwe mutangothira. Ng'ombe zimanyambitana, choncho ina imalandira wochuluka, ina wochepa. N'chifukwa chake ine pa mathole ndimakonda obaya kapena omwetsa. Botolo lisungeni pamthunzi pozizira, muone tsiku lothera mphamvu, ndipo mankhwala opungulira m'kabotolo kopanda pepala musagule, chifukwa achinyengo ndi osungunula alipo.

Zonsezi mutachita bwino, mudziwa bwanji kuti njoka zafadi? Kunenepa kwa ng'ombe si umboni, chifukwa msipu ukaphuka nazonso zimasalala. Kusaona njoka m'ndowe si umboninso, zambiri n'zazing'ono ndipo zimagayika zisanatuluke. Njira yodalirika ndi kuwerengetsa mazira m'ndowe musanapereke mankhwala, n'kudzawerengetsanso pambuyo pake. Bungwe la akatswiri a tizilombo ta ziweto la WAAVP linaika ndondomeko yake mu 1992 n'kuikonzanso mu 2023, koma mutu wake ndi wosavuta.

Sankhani ng'ombe zazing'ono, zosiya kuyamwa mpaka za chaka ndi theka, zimene zatha miyezi iwiri kapena kuposa osalandira mankhwala a njoka. Zazikulu sizithandiza pa kuyezaku chifukwa matupi awo anazolowera kulimbana ndi njoka ndipo zimatulutsa mazira ochepa. Zikhale 15 ngati n'kotheka, zikachepa 10. Khola lanu likakhala laling'ono yezani zimene muli nazo, kapena gwirizanani ndi anzanu amene mumadyetsa nawo malo amodzi, popeza njoka zanu ndi zimodzi. Iliyonse ikhale ndi nambala kapena chizindikiro, mulembe m'kope.

Ndowe zikhale zatsopano. Valani gulovu kapena kathumba kapulasitiki kudzanja, mutenge mwachindunji kumbuyo kwa ng'ombe, kapena dikirani m'mawa zikangodzuka mutole yongogwa kumene, yofunda, pamwamba pake posakhudza dothi. Dzanja limodzi losadzaza lakwana. Tembenuzani kathumbako, finyani mpweya wonse utuluke, mangani, lembani nambala ndi tsiku. Mpweya ndi kutentha zimaswetsa mazira, ndipo dzira loswa silingawerengedwe, zotsatira zimaoneka zabwino pomwe si zoona. Ikani pozizira koma zisaume ndi chisanu, ndipo zifike ku labotale tsiku lomwelo kapena mawa lake. Tsiku lotola ndowelo ndi lomwe mumapereka mankhwala.

Kumeneko amasungunula ndowe m'madzi amchere wambiri kuti mazira ayandame, n'kuthira pa kagalasi kamizere kotchedwa McMaster. Anandilola kusuzumira pa maikolosikopu: timazira tozungulira motalika, tachikopa chopyapyala, mkati muli timibulu tothithikana. Amawerenga n'kukuuzani mazira angati pa galamu imodzi ya ndowe. Ngati mukukayikira za m'chiwindi nenani, chifukwa mazira a Fasciola ndi olemera, sayandama bwino m'madzi amchere, amawafufuza mwa njira ina.

Kenako kudikira, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukafulumira, njoka zina zimakhala zangoledzera ndi mankhwala, zasiya kuikira koma sizinafe. Mukachedwa kupyola masabata atatu, mazira amene mupeze angakhale a njoka zatsopano zochokera kumsipu. Pa levamisole tolaninso pakatha masiku 7 mpaka 10. Pa mankhwala oyera, masiku 10 mpaka 14. Pa ivermectin ndi abale ake, masiku 14 mpaka 17, kupatula moxidectin amene amafuna masiku 17 mpaka 21. Ngati mukufuna tsiku limodzi losavuta kukumbukira, gwirani la 14. Ng'ombe zikhale zomwe zija, osati zina.

Masamu ake ndi awa. Tiyerekeze kuti poyamba gululo linali ndi mazira 600 pa galamu mukaphatikiza n'kugawa, ndipo pa tsiku la 14 atsala 20. Achepa ndi 580, kugawa ndi 600, ndi pafupifupi 97 pa 100. Mankhwalawo ali ndi mphamvu. Koma akatsala 150, achepa ndi 75 pa 100 basi. Pamaso zimaoneka ngati zambiri, koma mankhwala abwino amayenera kufika 95 pa 100 kapena kuposa. Kutsika pamenepo, makamaka pansi pa 90, ndi chizindikiro choti njoka zayamba kupima, bola mukutsimikiza kuti mlingo unali wokwana ndipo mankhwala anali enieni. Njoka imodzi mwa zinayi yotsalayo ndi imene idzadzaze msipu wanu ndi ana ake.

Kwa ine zinatuluka motere: nditapereka ivermectin pa mlingo woyenera, woyezedwa ndi tepi, mazira anatsika koma osafika pofunika. Gulu lina la ng'ombe limene ndinalimwetsa levamisole linayera. Ndowe zotsala za ng'ombe zobayidwa ivermectin zija anazisunga masiku angapo kuti mazira aswe, popeza mazira a njokazi amafanana ndipo mtundu umadziwika ndi timphutsi take. Anapeza Cooperia wambiri ndi Haemonchus. Sizodabwitsa. Cooperia ndi njoka imene ivermectin amavutika nayo kuyambira pachiyambi, ndipo kupima kwake kwapezeka m'mayiko ambiri oweta ng'ombe, monga Brazil, Argentina, New Zealand ndi United States. Thole lofiira lija linalandira levamisole ndi chakudya chabwino, kutupa kunaphwa m'masiku ochepa, koma kuti magazi abwerere ndi thupi lidzaze zinatenga miyezi, ndipo linakula mochedwa kuposa anzake.

Chimene chinandivuta kumvetsa, ndipo ndikudziwa kuti chivuta ambiri, n'chakuti kupha njoka zonse nthawi zonse ndi kumene kumabweretsa njoka zosamva mankhwala. Mankhwala sasandutsa njoka kukhala yolimba. Zolimba zochepa zimakhalapo kale mwachibadwa. Mukamwetsa khola lonse mwezi ndi mwezi, zofooka zimatha, zolimba zimatsala zokhazokha n'kumakwatirana. Koma pakakhala njoka zambiri zimene sizinakumane ndi mankhwala, pamsipu ndi m'ng'ombe zosamwetsedwa, zolimba zija zimasowa pakati pa unyinji ndipo ana awo amachepa. Choncho ng'ombe zazikulu zathanzi, zonenepa, za ndowe zabwino, ine sindizimwetsa mwachizolowezi. Mankhwala ndimasungira mathole a chaka choyamba kubusa, misoti yoyamba kubereka, ndi iliyonse yowonda, yotsegula m'mimba kapena yoyera zikope.

Pa chifukwa chomwecho ndinasiya kumwetsa lero n'kusamutsira ng'ombe kumsipu woyera mawa. Kale tinkauzidwa choncho, ndipo zimaoneka zanzeru, koma mazira okhawo amene adzagwe pamsipu watsopanowo ndi a njoka zopulumuka. Zisiyeni pamalo akale kwa sabata imodzi kapena kuposa, kapena siyani zina zathanzi osamwetsa. Kumwetsa khola lonse pakati pa chilimwe chouma, pamene dzuwa lapha timphutsi tambiri pansi, kuli ndi vuto lomweli, ndiye nthawi imeneyo ndimasankha zofunikadi zokha.

Mukapeza kuti gulu limodzi la mankhwala lafooka, sinthirani ku gulu lina ndipo nalonso muliyeze. Madokotala ambiri tsopano amalangiza kupereka magulu awiri tsiku limodzi, lililonse pa mlingo wake wonse, kuti yopulumuka kwa uyu igwidwe ndi uyo. Musawasakanize m'botolo limodzi nokha, perekani lililonse palokha, ndipo kambiranani kaye ndi dokotala kapena alangizi a ziweto.

Ng'ombe yogula kwina imabwera ndi njoka zakwawo, mwina zopima kale. Isalowe m'gulu tsiku lomwelo. Ipatseni mankhwala a magulu awiri, ikhale m'khola lapadera masiku awiri kapena atatu ikudya udzu womweta, ndowe zake muzichotsa osaziwaza kubusa, kenako ipite kumsipu kumene zinzake zimadya kale.

Mankhwala sangagwire ntchito ya chakudya. Thole lokhuta, lopeza zakudya zomanga thupi, limalimbana ndi njoka palokha, pamene lanjala limagwa ndi njoka zochepa. Ng'ombe zikachuluka pamalo aang'ono zimadya udzu mpaka pansi, pamene timphutsi timakhala, n'kumadyanso pafupi ndi ndowe zawo. Pozungulira chomwera madzi pasamakhale thope losatha. Zikumbu zija zokunkhuniza ndowe ndi antchito athu, zimakwirira ndowe ndi mazira omwe, koma ivermectin wotuluka m'ndowe amapha ana awo, chifukwa chinanso chosabayira mwachisawawa.

Musanatseke botolo, onani zinthu ziwiri papepala lake. Albendazole saperekedwa kwa ng'ombe imene yangotenga bere, makamaka masiku 45 oyamba, chifukwa angawononge mwana m'mimba. Ndipo mankhwala aliwonse ali ndi masiku oti adutse musanamwe mkaka kapena kupha ng'ombeyo. Ivermectin wobaya sayenera ng'ombe imene mukukama mkaka woti anthu amwe, chifukwa amakhalitsa mu mkaka. M'gulu limenelo eprinomectin ndi amene anapangidwira ng'ombe zamkaka. Ine ndimalemba tsiku lomwetsa ndi tsiku lomasuka pa tsamba lomwe lija la manambala a ndowe, ndipo yomwetsedwayo ndimaipaka utoto pamchira kuti aliyense wokama aione asanaike chidebe pansi.